Jombo Zothina za Timu ya a Soli

Bambo anga akhala akusoka nsapato pakhonde la golosale imodzi yomweyo kuyambira ndisanabadwe. Dzina lawo lenileni limadziwika kutchalitchi ndi kuchipatala basi. Kwina konse ndi a Soli, chifukwa munthu akabwera ndi nsapato yoti angoimata pang'ono, iwo amaitembenuza, kuigogoda ndi chala, kenaka n'kunena kuti, "Apa vuto ndi soli." Ngakhale chitaduka chingwe chokha, vuto ndi soli. Anthu a m'dera lathu amawadziwanso ngati munthu amene anayambitsa timu ya mpira ya ana, imene lero ili ndi kochi wa satifiketi, yunifolomu zamitundu iwiri ndiponso mbali ya atsikana. Mbiri imeneyi ndi yoona ndipo ndimainyadira. Koma ili ndi chigawo china chimene kwathu tinkachidumpha tikamacheza, ndipo mpaka lero ndikachikumbukira nkhope imanditentha.

Timuyo sinayambe chifukwa chokonda mpira ayi. Bambo mpira sanaumenyepo chibadwire, ndipo amayi amati ngakhale galu wakuba sanamuponyerepo theche. Chinachitika n'chakuti ana ankasewera chikulunga mumsewu patsogolo penipeni pa khondelo, ndipo tsiku lililonse chikulungacho chinkagwetsera nsapato za makasitomala m'ngalande. Bambo anawathamangitsa, anawatukwana, anang'ambapo zikulunga zingapo ndi lezala, koma ana ankabwerabe. Atatopa, tsiku lina anawatsogolera ku malo ena opanda kanthu kuseri kwa depoti ya basi, n'kuwauza kuti azikamenyanirana komweko. Ana aja anakangana za chigoli asanatuluke n'thukuta lomwe, ndipo anathamangira kukhonde kudzawatenga kuti akaweruze. Umo ndi momwe munthu wosadziwa ofusayidi anakhalira kochi.

Chimene bambo ankadziwa ndi mapazi. Mayi wina wogulitsa kaunjika anatsegula belo n'kupezamo jombo za mpira zokhazokha, zina zopanda mnzake, zina zoyasama kukamwa, ndipo palibe ankazigula. Anawapatsa bambo thumba lonse kuti iwo azimusokera nsapato zake zamalonda. Bambo anazikhuthulira pabalaza pathu, kuzisankha, kuzikwatitsa, kuzisoka ndi ulusi wa m'tayala, mpaka zinakwana zoti timu yonse ivale. Masiku amenewo matimu ena a ana ankasewera opanda nsapato. Ndiye bambo anaika lamulo limene ankalinena ataimika khosi: "Mwana wa a Soli salowa m'bwalo chala chili pamtunda. Anthu aziti chiyani?"

Lamulo limeneli ndilo linkasankha timu. Lachisanu madzulo anyamata ankakhala pamzere m'mphepete mwa khonde atatambasula miyendo, bambo n'kumadutsa ndi thumba lija. Ankamuveka mwana jombo, kukanikiza chala chawo chachikulu kunsonga, n'kugwedeza mutu. Amene jombo yamukwana, mawa asewera. Goloboyi wathu woyamba sanasankhidwe chifukwa chogwira mpira, koma chifukwa ndiye anakwana peyala imene inalibe mano kunsi. Wina anasewera chaka chonse phazi lina lofiira lina lakuda. Jombo ikakula, ankaikamo nyuzipepala. Ikathina, ankainyowetsa, kuilowetsa chikombole chathabwa n'kuigoneka choncho kuti ikule. Ine ntchito yanga inali kung'amba nyuzipepalazo, amayi yawo kuchapa majezi uku akudandaula kuti anakwatiwa ndi munthu mmodzi koma akuchapira khamu.

Mwini khonde lija, amene tonse tinkangowatchula a Golosale, anagulira timu mpira wachikopa woyamba, ndipo ankabwereketsa galimoto yawo yonyamulira katundu tikamakasewera kutali. Mwana wawo, Kabwana, anali mnyamata wofatsa, wonenepa, wa mapazi aakulu. Ankasewera kumbuyo, ndipo akamuponda mnzake ankaima kuti apepese kaye, mpira n'kumapita. Peyala yaikulu kuposa zonse m'thumba lija inali yake, ndipo palibe ankaikambapo.

Ndiye panali Nsungwi. Amayi ake ankachapira anthu zovala, ndipo jombo za timu zinali nsapato zoyamba kulowa kuphazi kwake. Anali kamnyamata kowonda, kosayankhulayankhula, koma kakagwira mpira anthu ankasiya malonda. Ankadyetsa anzake njomba mpaka ena kukhala pansi okha. Chikho chathu choyamba, chimene mpaka lero chili mu ofesi ya timu chogwirira chimodzi chitathyoka, chinabwera ndi phazi lake. Madzulo a tsiku limenelo bambo anayenda kuchokera kudepoti mpaka kunyumba atachinyamula pamutu, anthu akukuwa kuti "Kochi! Kochi!" Ndikhulupirira kuti m'moyo wawo wonse palibe dzina linawakomera ngati limenelo.

Chaka chotsatira Nsungwi anakula ngati wathiridwa feteleza. Kabudula anamufupikira, mawu anasintha, ndipo phazi linatalika. Bambo anamusinthira peyala ina, nayonso inathina. Anainyowetsa, anaigoneka pachikombole, anaing'amba m'mbali n'kuika chigamba, mpaka chikopa chinakana. Lachisanu akakanikiza kunsonga n'kumufunsa kuti, "Bwanji, ikukwana?" Nsungwi ankayankha kuti, "Ikukwana, Kochi." Akanayankha chiyani? Iye ankadziwa lamulo. Kunena kuti yathina kunali kudzichotsa yekha m'timu, ndiponso kwa mwana ngati iye zinali ngati kunyoza mphatso.

Anayamba kuchedwa pampira. Ankathamanga chopondera m'mphepete mwa phazi, ndipo akafika pagolo ankamenya mofatsa ngati akuopa kuti mpira umva kuwawa. Ochemerera anayamba kunena kuti chikho chija chamukuza mutu. Koma bambo ankadziwa. Jombo zonse zinkagona kwathu, ndipo Lolemba lililonse iwo ankazitsuka okha. Za Nsungwi ankazitengera kuseri kwa bafa. Tsiku lina amayi anawapeza komweko akutsanula madzi ofiira, ine ndili pafupi ndikuyanika majezi.

"Abambo, mwana uja mukumupha mapazi," anatero amayi.

"Ndikuzikonza."

"Mukonza chiyani apa? Zazikulu zija bwanji osamupatsa? Kabwanayo amapindula chiyani m'bwalomo, kupatula kupepesa anthu?"

"Ndikamuvula Kabwana, mawa tikasokera kuti? Pansi pa mtengo? Ukudziwa kuti khonde lija si langa."

"Ndiye msiyeni asewere opanda nsapato."

"Timu ya wosoka nsapato? Ufuna anthu andiseke?"

Amayi anatola beseni lawo n'kulowa m'nyumba. A Golosale anali asananenepo kanthu za khonde, ngakhale kamodzi. Mantha amenewa bambo anadzisokera okha.

Zinafika pachimake tsiku limene anthu a timu ina yaikulu ya mumzinda anabwera kudzaona ana. Aliyense ankadziwa kuti abwerera Nsungwi. M'chigawo choyamba iye anatsala yekha ndi goloboyi, n'kumenya kampira kofooka kamene goloboyiyo anakatola ngati dzira. Bwalo lonse linakuwa. Ena anatembenukira bambo, kumawafunsa ngati amaphunzitsa ana mpira kapena kusoka. Pa nthawi yopuma bambo anasonkhanitsa anyamata onse. Anamuimika Nsungwi pakati pa anzake, alendo aja akumva, n'kunena kuti, "Iwe wayamba ulesi. Wakula mutu. Mpira sufuna anthu aulesi. Vula jombo zanga."

Nsungwi anachoka pakati pa anzake. Anapita kuseri kwa golo, anakhala pansi atatifulatira, anavula n'kubisa mapazi m'udzu. Jombo anamutuma mnzake kuti abweretse. Kuyambira tsiku limenelo sanamenyenso mpira, ngakhale chikulunga.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chimene chinatsatira. Pasanapite nthawi Kabwana anapita kusukulu yogonera komweko, n'kusiya jombo zazikulu zija zili bwinobwino. Amayi anati, "Pitani mukamuitane mwana uja." Bambo anati apita mawa. Kupita kunatanthauza kukaima pakhomo pa mayi wochapa zovala n'kunena kuti ananama pamaso pa anthu. Anazipachika jombozo pamsomali kuchipinda, ndipo mawa lija silinafike. Zinakhala pamenepo mpaka chikopa chinauma n'kusweka. Tikamasesa tinkazilambalala.

Timu yokha inapitirira. Malo a kuseri kwa depoti anamangapo mashopu, tinasamukira pabwalo la sukulu, kumenekonso anatithamangitsa chifukwa choswa magalasi ndi mpira, kenaka anatibweza. Panali chaka chimene anyamata theka anathawira kutimu ina imene inkapereka maswiti ndi zakumwa, n'kubwerera atamva kuti kumeneko kochi amamenya. Zikho zina zinabwera. Ana amene bambo anawakanikiza zala anakula, ena madalaivala, ena aphunzitsi, ndipo mmodzi anakachita maphunziro a ukochi n'kubwera kudzatenga wezulo pamene maso a bambo anayamba kuchita nkhungu. Iyeyo ndiye anathetsa za thumba, n'kuti mwana aliyense azibwera ndi jombo zake. Ndiyenso anayambitsa timu ya atsikana, imene bambo poyamba anaitsutsa, kenaka n'kumauza anthu kuti maganizowo anali awo.

Nsungwi anakhala mmisiri womanga nyumba, wamtali, wamapewa otakata, wa ana ake. Akanakhala kuti anawada bambo, mwina zikanapepuka. Koma ayi. Nsapato zake zantchito ankabwera nazo pakhonde pomwepo, atavula chipewa. Ndinamumvapo akuuza anyamata ake antchito kuti, "Awa ndi a Kochi anga. Anandiuza zoona ndili mwana, kuti ndine waulesi. Ndikanawamvera bwenzi pano mukundionera pa TV." Anyamatawo ankaseka, iyenso n'kuseka. Iye ankaganiza kuti jombo zimathina aliyense, ndipo wosewera weniweni amapirira, koma iye analephera. Bambo ankangoweramira pansapato, singano n'kumaphonya bowo. Akamuona akubwera patali, nthawi zina ankanditumizira uthenga kuti ndidzakhale pakhonde, iwo apita kukagula guluu.

Chaka chatha komiti ya timu inakonza tsiku lokumbukira mmene timu inayambira. Anamanga tenti pabwalo la sukulu, anabwereka mipando ya pulasitiki ndi zokuzira mawu. Bambo anavala jekete limene amavala pamaliro ndi paukwati, ndipo anawakhazika kutsogolo pambali pa mlendo wolemekezeka, amene anali Kabwana. Bambo ake anamwalira, golosale ndi yake tsopano, ndipo ndiye amagulira timu mipira. Dongosolo linali loti atsikana asewere kaye, kenaka a Soli apatsidwe chishango cholembedwa dzina lawo. Ine ndinakhala kumbuyo kwawo kuti ndiziwauza zimene zikuchitika kutali.

Kutsogolo kwa timu ya atsikana kunali mwana wa Nsungwi, amene anzake amangomuti Kansungwi. Mwanayu ndi bambo ake enieni, kuwonda kwake, kusayankhula kwake, ngakhale kapendekedwe ka thupi akamadutsa munthu. Koma tsiku limenelo mpira unkamusiya. Bambo ake anali ataima pamzere pafupi ndi tenti, ndipo mawu awo ankamveka kuposa zokuzira zija.

"Thamanga iwe! Ulesi! Ulesi womwewo ndi umene unandigwetsa ine! Ufunse a Kochi ali apowa!"

Anthu a mutenti anaseka, ena kutembenuka kuti aone a Soli. Mpira unabwera mbali yathu, mtsikana uja akuuthamangira, ndipo anadutsa pafupi kwambiri ndi mipando. Maso a bambo nkhope ya munthu sayiona bwino, koma kapondedwe amakaona. Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka kundipweteka.

"Akuponda bwanji mwanayo?" anandifunsa.

"Chammbali, ababa."

Bambo ake a mwana anakuwanso za ulesi. Ndiye bambo anadzuka n'kunena kuti, "Ndiperekeze."

Tinalowa m'bwalo mpira uli mkati. Refu analiza wezulo, kochi anathamanga akufunsa ngati madala adwala, anthu anayamba kung'ung'udza. Ine manyazi anandigwira, poganiza kuti anthu aziti ukalamba wawasokoneza. Bambo anafika pamene panali mtsikanayo, n'kugwada pafumbi ndi buluku lawo labwino lija. Anakanikiza chala kunsonga kwa jombo. Mwanayo anatseka maso.

"Ikukwana?" anamufunsa.

"Ikukwana, agogo."

Bambo anamasula zingwe. Jombo inavuta kutuluka, ndipo sokosi inali itamatirira kuzala. Nsungwi anali atafika, akupuma mwaukali, okonzeka kupepesa kwa a Kochi chifukwa cha mwana wochititsa manyazi. Anaona sokosiyo n'kuima.

"Mwanayu si waulesi," anatero bambo, akadali chogwada. "Phazi lakula. Iwenso sunali waulesi, Nsungwi. Jombo zinkakuthina."

Nsungwi anaseka pang'ono. "Aa, Kochi, zakalekale zimenezo. Zinkathina aliyense. Inu mukanadziwa bwanji, ine sindinanene."

"Ndinkadziwa. Magazi ako ndinkatsuka ndine, Lolemba lililonse. Zokukwana zinalipo, ankavala Kabwana. Ndinaopa kuchotsedwa pakhonde, ndiye ndinanamizira iwe. Zitabwerera kwa ine sindinakuitane."

Atsikana a matimu onse awiri anali atatizungulira. Kabwana naye anali atafika ndi suti yake, ndipo anamva dzina lake. Anayang'ana bambo, anayang'ana Nsungwi, n'kunena mwakufatsa kwake kuja kuti, "Koma a Soli, bwanji simunandiuze? Ine mpirawo sindinkaufuna n'komwe. Ndinkangobwera chifukwa ndinkaganiza kuti mukusowa munthu." Sananene mwachipongwe, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka. Ndinaona khosi la bambo likugwa.

Nsungwi sanakalipe. Anakhala pansi pafupi ndi mwana wake, n'kumuvula jombo inayo pang'onopang'ono. Atayankhula, mawu ake anali otsika moti tinamva ife oyandikira tokha.

"Mwana uyu ndakhala ndikumudzutsa m'mawa kuti azithamanga. Ndimamuuza kuti ulesi uli m'magazi mwathu. Akati atsegule pakamwa, ndimati usayambe zodandaula, ungathere ngati bambo ako." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Mukanangondiuza kuti jombo kulibe. Ine ndinazolowera kuyenda pansi."

Anamubereka mwana wake kumsana, mtsikana wamkulu miyendo ikulendewera, n'kutuluka m'bwalo kudzera kuseri kwa golo. Jombo zinatsala pafumbi. Bambo anazitola, ndipo ine ndinawadzutsa.

Mwambo unapitirira, chifukwa tenti inali yobwereka ndipo zakumwa zinali zitagulidwa kale. Woyendetsa mwambo anawerenga zoti a Soli ndi tate wa mwana aliyense wa m'dera lino, amene sanalole kuti mwana alowe m'bwalo opanda nsapato. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, ena akunong'onezana. Bambo analandira chishango ndi dzanja limodzi, linalo litagwira jombo za mwana uja. Chishangocho chili pamwamba pa kabati chafufumimba, ndipo amayi atafuna kuchipachika anawaletsa.

Sabata yotsatira makasitomala anadikira. Bambo anaphwasula jombo zija, anadula nsonga, anawonjezera chikopa chofewa, n'kusoka mopapasa ndi zala poti maso sawathandizanso. Ndinawauza kuti kugula zina n'kosavuta, ndipo ine ndithandiza. Anati zimenezo ndichite ndekha, iwo achita zimene amadziwa. Atamaliza anazipaka polishi, kuziika m'jumbo, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze kumene Nsungwi ankamanga.

Tinamupeza ali pamwamba, akuyala njerwa. Anyamata ake anamuitana, ndipo anatsika mosafulumira, akupukuta simenti m'manja. Bambo anavula chipewa, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira munthu wamng'ono kwa iwo, n'kupereka jumbo ija ndi manja awiri.

"Ndazikuza. Zikathinanso, mwanayo anene. Mumulole anene."

Nsungwi anatulutsa jombo imodzi, anaitembenuza, analowetsa dzanja mkati mpaka kunsonga. Ntchitoyo inali yabwino ndipo iye anaona. Mmodzi wa anyamata aja, amene sanali kubwalo tsiku lija, anafuula ali pamwamba kuti, "Abwana, si a Kochi anu aja amenewo?"

Nsungwi anabweza jombo m'jumbo, n'kuimanga pakamwa.

"Ndi a Soli," anayankha. "Amasoka nsapato pagolosale paja."

Anathokoza mwaulemu, anafunsa za amayi, n'kukweranso kukapitiriza mzere wake wa njerwa. Bambo anaima pamenepo chipewa chili m'manja, fumbi la simenti likuwagwera pamutu, mpaka ndinawagwira mkono kuti tizipita.